Kambewa ka Pamkono wa Ababa

Ababa ankanyamula matumba ku Makata, m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zija. Akaweruka ankayenda wapansi mpaka kwathu ku Zingwangwa, malaya ali paphewa, thupi lonse lili mbuu ndi ufa. Asanalandire n'komwe madzi osamba, ine ndi achimwene anga tinkawathamangira kukalendewera pamikono yawo, wina uku wina uku, iwo n'kutikweza m'mwamba ngati ndowa zopanda madzi. Akatitsitsa ankapinda mkono wamanja, katumba n'kutukuka, ndiye amvekere, "Gwira apa. Muli kambewa m'kati umu." Ndikangogwira ankakagwedeza, ine n'kukuwa n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Sewero lake linali lomwelo tsiku ndi tsiku, koma tsiku ndi tsiku ndinkakuwa.

Masewerawo anatha mwezi umene ndinatha msinkhu. Kunabwera alangizi atatu a kutchalitchi kwathu, anandikhazika pamphasa n'kundiuza zambiri. Zina ndinaziiwala, koma ichi chinandikhala: kuyambira lero kuchipinda kwa bambo ako sulowako, thupi lawo sulikhudza, ukafuna kuwapatsa kanthu uzigwada chapatali. Makolo anga ndi a ku Nsanje, Akatolika olimba, ndipo mwambo sasewera nawo. Sindinaonepo chachilendo, anzanga onse anauzidwa zomwezo. Kungoti masiku ena ndikawaona Ababa akukwera kamtunda ka kwathu, miyendo inkafuna kuthamanga yokha, ine n'kuiletsa.

Ndinapita ku Joni geni yanga ya kaunjika itagwa pamsika. Ababa ndiwo anandinyamulira chikwama mpaka kudepoti. Sitinagwirane chanza. Anangoti, "Uyende bwino, usakaiwale kupemphera." Basi itayamba kuyenda ndinasuzumira pawindo, ndinawaona akuchita chizindikiro cha mtanda, dzanja lamanja pamphumi, pachifuwa, phewa ili, phewa ilo. Ankachita msangamsanga nthawi zonse, ngati munthu wopirikitsa ntchentche, ndipo Amama ankawakalipira nazo zimenezo.

Kuno kwathu dziko lonselo timangoti ku Joni, koma ine ndinakathera ku Kepitauni. Anandilandira ndi Esinati, mtsikana wa ku Machinjiri amene tinkagulitsa limodzi kaunjika kale. Tinkagona bedi limodzi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mphepo ya kumeneko inkagwedeza denga mpaka tinkalimangira ndi waya. Esinati ndiye anandipezera ntchito yosamalira mayi wina wachizungu wokalamba, amene anafa mbali yonse yakumanzere ndi sitiroko. Ndinkangomutchula kuti Madamu. Thupi linali litafooka, koma pakamwa ayi ndithu, pakamwa pokha panali pathanzi.

Sabata yoyamba ndinkadziseka ndekha. Ine amene sindinkakhudza ngakhale chala cha bambo anga, ndinali kusambitsa mayi wa eni mpaka m'makwinya monse. Ndipo ndinkamusamala monga tisamalira wodwala kwathu kuno. Akafuna kapu ndinkathamanga, akafuna kudya ndinkamudyetsa, akafuna kutembenuka ndinali nditamutembenuza kale. Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri.

Amene anandichotsa matama amenewo ndi Sisi Thandeka, mayi wa Chixhosa, wamfupi, amene ankabwera kawiri pasabata kudzamuchititsa Madamu mafizo, masewera olimbitsa ziwalo aja. Anandipeza ndili ndi supuni m'manja.

"Ika pansi supuniyo," anatero. "Dzanja limodzi linafa kale. Ukufuna labwinoli nalonso liiwale ntchito?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wamkulu akadwala sitimusiya kuti azivutika tikuona. Iye sanakangane nane. Anangotenga zala zanga n'kuziika pakatumba wanga, nati ndipinde mkono. Kenako anaziika kuseri kwa mkono, nati ndiwongole.

"Wamva? Mnofu sudziwa kukankha, umangokoka basi. N'chifukwa chake imakhala iwiriiwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Uyu akakoka, mnzake amamasula."

Ndinakumbukira anthu ocheka matabwa, wina pamwamba wina pansi, sowo ili pakati. Ndinamva.

"Sitiroko imavulaza m'mutu, si mnofu ayi," anapitiriza. "Uthenga ndi umene sukufika. Nthawi zina umadzapeza njira ina, pang'onopang'ono. Koma mnofu ukangokhala umafota, umafupika, kenako umauma. Uthengawo ukadzafika udzapeza ndani?"

Kuyambira pamenepo ndinakhala wophunzira wake. Anandionetsa kagwiridwe ka mkono wakufa, dzanja limodzi pansi pa chigongono, lina padzanja, osaukoka chifukwa phewa limaguluka. Anandiuza kuti mnofu umakula ukautopetsa pang'ono kuposa dzulo, kenako n'kuupumitsa, n'kuudyetsa. Madamu ankanyamula chitini cha nyemba kakhumi m'mawa uliwonse, uku akutitukwana tonse awiri m'chiyankhulo chake. Thandeka ankangoti, "Musiye atukwane, bola anyamule."

Nanenso ndinaphunzira ndi thupi langa. Tsiku lina Madamu anaterereka m'bafa, ine n'kumuwakha nditawerama chopotoka. Ndinamva m'msana kuti phwee, ngati chitenje chakale chikung'ambika. Madamu sanagwe, koma ine ndinafika kuchipinda kwathu ndikugwira zipupa. Esinati anati, "Chifundo chinapha nkhwali, gona apa." Anawiritsa madzi, anandithowa, anandisisita ndi mphamvu zake zonse, ine ndikulira iye akuti ndiye kuti zikugwira ntchito. Kutacha ndinalephera ngakhale kutsika pabedi.

Thandeka atamva anabwera yekha kuchipinda kwathu, tsiku lake lopuma, atanyamula madzi oundana m'pepala. Anamuyang'ana Esinati n'kupukusa mutu.

"Mnofu wangong'ambika kumene, ukuchucha magazi m'kati, iwe n'kuikapo moto? Masiku oyamba umafuna kuzizira ndi kupuma. Zotentha ndi za pambuyo pake."

Esinati anachita manyazi mpaka anakabisala ku zophika. Koma ndi iye yemweyo amene anandiperekeza kuchimbudzi masiku atatu, nditakolowekera dzanja m'khosi mwake, ndipo ndi iye amene ankapita kukamudzutsa Madamu m'mawa asanapite kuntchito kwake, kuti malo anga asatengedwe. Tsiku lachinayi Thandeka anandiimbira foni kuti ndidzuke ndiziyenda, ngakhale zikupweteka. Nditachira anandiphunzitsa kunyamula munthu: kuyandikira, kupinda mawondo, msana chilili, mphamvu zichokere m'ntchafu. Mpaka lero sinditola ngakhale tsache pansi osapinda mawondo.

Zaka zinapita choncho. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi, nyumba inafoleredwa malata atsopano. Madamu anafika poyenda ndi ndodo mpaka pageti, kukakalipira anthu otola zinyalala. Anamwalira nyengo yozizira itatha, ali m'tulo, ndipo ndinamulira zenizeni. Mwana wake anati andipezera nyumba ina.

Koma panali kanthu kamene kankandidya. Miyezi ingapo, ndikaimba foni kwathu, Amama ankati, "Ababa ako angotuluka kumene," kapena, "Agona." Ababa amene ankalanda foni m'manja mwa Amama kuti andifunse ngati ndinapita ku Misa. Maliro a Madamu atatha ndinaimba n'kunena kuti, "Amama, sindidula foni mpaka ndiwamve." Amama anawapititsira foni. Kenako ndinamva mawu olemera, lilime likukokeka, akuyesa kutchula dzina langa. Sindinafunikire kuuzidwa. Mawu otero ndinali nditawamva tsiku lililonse kwa zaka.

"Zinachitika liti?" ndinawafunsa Amama.

"M'nyengo ya Lenti. Anagwa akusamba."

"Miyezi isanu ndi iwiri, osandiuza?"

"Tinaopa kuti usiya ntchito, mwananga."

Ndinaisiyadi. Esinati anandiperekeza kubasi akulira, Thandeka ananditumizira uthenga woti ndisataye nthawi, chifukwa miyezi yabwino yambiri inali itapita kale.

Ndinafika ku Zingwangwa masana. Ndinagwada pakhomo pa chipinda chawo, Amama n'kukoka katani. Ababa anali atagona chagada. Mwendo unali bwinoko, ankatha kuuponda akagwiriziridwa. Koma mkono wamanja unali utapindika pachifuwa, zala zitafumbata, ndipo pamene pankakhala kambewa paja panali khungu lolendewera. Ndinawapatsa moni, anandiyankha akuyang'ana kukhoma. Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa nyumba, pomwe ndinkathawira ndili mwana.

Masiku awiri ndinangoyang'ana. Ndinaona Amama akuchita zonse zimene ine ndinkamuchitira Madamu sabata yoyamba ija. Ankawadyetsa, kuwamwetsa, kuwatembenuza. Kuchipatala anawauza kuti azibwera ku mafizo, anapitako kawiri, koma kutsika kamtunda kathu ndi munthu wotero mpaka pa minibasi si masewera, ndiye anasiya. Achimwene anga ali ku Lilongwe ndi banja lawo, ankabwera mwa apo ndi apo. Odzazonda onse ankanena mawu amodzi, "Apume, agwira ntchito nthawi yaitali."

Ndinaonanso chinthu china. Pa nthawi ya chakudya Amama ankapemphera okha, Ababa maso ali kudenga. Nditafunsa, Amama anandinong'oneza kuti chigwereni sanachitepo chizindikiro cha mtanda, ndipo anawaletsa a mphakati, anzathu opemphera nawo m'dera lathu, kubwera kunyumba. Abambo mfumu anawauza kuti lamanzere palibe cholakwika, koma iwo anakana.

"Ababa," ndinatero ndili pakhomo paja, "bwanji osangochita ndi lamanzere?"

Anayankha pang'onopang'ono, mawu akukakamira. "Munthu wamkulu sitimupatsa moni ndi lamanzere. Ndiye Mulungu ndimulonjere ngati ndikuponyera galu fupa?"

Pamenepo ndinadziwa chimene chinkawapha. Sikunali kulephera kuyenda ayi. Munthu uyu kwa miyezi isanu ndi iwiri ankadziona ngati waima kunja kwa tchalitchi, chitseko chitatsekedwa.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndinatengera Ababa omwewo. Ndinawatembenukira Amama. "Mkono uwu mwaupha ndinu ndi kudyetsa kwanuko. Ukanamagwedezedwa tsiku ndi tsiku sukanafika apa."

Amama anaika mbale pansi. "Iwe wabwera dzana. Ine ndawanyamula ndekha miyezi yonseyi, usana ndi usiku. Usandiuze za ku Joni pano."

Ndinachita manyazi, koma ndinapitiriza. Ndinati chabwino, ndiloleni ndilowe, ntchito imeneyi ndimaidziwa. Ababa anayankha msanga kuposa mmene ndinali nditawamverapo chibwerere.

"Ayi. Mwana wanga wamkazi andigwire thupi? Azungu akowo unkawagwira chifukwa si abale ako. Ine ayi."

Ndinakhala pakhonde tsiku lonse ndikuyang'ana manja anga. Manja amene anamuyendetsa mayi wa eni mpaka pageti, kwa bambo anga anali opanda ntchito. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinawakwiyira alangizi aja ngakhale awiri mwa iwo anali atamwalira kale.

M'mawa mwake ndinayala mphasa pabalaza, moyang'anizana ndi khomo la chipinda chawo, n'kukoka katani yonse.

"Amama, gonani apa. Lero wodwala ndinu."

"Iwe, wapenga?"

"Gonani. Ine ndichita pa inu, inu mukachita pa Ababa. Ine sindilowa."

Anagona akung'ung'udza. Ndinagwira mkono wawo wamanja monga anandiphunzitsira Thandeka, kuuwongola pang'onopang'ono, kuupinda, kutambasula chala chimodzichimodzi. Ababa ankayang'ana kukhoma, koma diso limodzi linkabwera kwa ife. Kenako Amama analowa, ine nditagwada pakhomo ngati kondakitala. "Osakoka, Amama, phewa liguluka! Gwirani pansi pa chigongono. Ehe, pamenepo. Imani, werengani mpaka khumi." Ababa ankabuula, amvekere, "Anthu inu mwapangana kuti mundimalize."

Tsiku lachitatu, pomwe ndinkawatembenuza Amama pamphasa paja, anatsinzina n'kuluma mlomo. Ndinapapasa kumsana kwawo. Pamwamba pa chiuno, mbali ya kumanja, panali mfundo yolimba ngati mwala, malo omwewo amene ine ndinavulala.

"Izi zinayamba liti?"

"Aa, n'zakale. Tsiku lina ndikuwadzutsa ndinangomva kuti phwee."

"Munamuuza ndani?"

"Ndikanamuuza ndani?"

Popeza bala lake linali lakale, ndinawiritsa madzi, ndinawathowa, ndinawasisita pang'onopang'ono ndi mafuta. Kenako ndinaona mphasa ikunyowa pafupi ndi nkhope yawo.

"Chimwalirireni amayi anga," anatero, "palibe amene anandigwirapo chonchi."

Ndinawapepesa chifukwa cha mawu anga aja. Madzulo ake ndinawaphunzitsa kunyamula ndi ntchafu, ndipo ankaseka kuti ndikuwaphunzitsa kunjuta atakalamba.

Zotsatira zake zinali zochedwa, moti wina akanataya mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zala zinayamba kumasuka patapita masabata. Tsiku limene chala chachikulu chinagwedezeka chokha, Amama analulutira mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinaletsa zodyetsana. Kapu ndinkati iziikidwa poti aivutikire, ndipo nkhani inamveka mpaka pampopi kuti mwana wa ku Joni uja ndi wankhanza, akuwamana bambo ake madzi. Ndinangoti anene. Tinayamba ndi kukankha nsalu patebulo, kenako kunyamula sopo, kenako kabotolo ka madzi katheka. Tsiku lina ntchito, tsiku lina yochepa kuti mnofu upume. Ndinkawaphikira usipa, nyemba ndi mazira, iwo amvekere, "Mukundinenepetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi."

Sindinawanamize. Atandifunsa ngati dzanjalo lidzafika pamphumi, ndinati, "Sindikudziwa, Ababa. Mwina lifika, mwina ayi. Koma tikasiya ndiye silifika."

Matumba sadzanyamulanso, zimenezo tonse tinkazidziwa. Dzanja linafika pachifuwa, patapita mwezi linafika pachibwano, ndipo pamenepo linakakamira. Amama anati anawapeza kangapo akuyesera okha, akuganiza kuti palibe akuwaona.

Lamulungu lina anawauza Amama kuti aitane a mphakati. Anabwera masana anthu ngati khumi ndi asanu. Ababa tinawakhazika pampando pakhonde, atavala jekete lawo lakale limene tsopano linkawakulira. Amuna anakhala pamabenchi pafupi nawo, amayi pamphasa chapatali, Amama ali pakati pawo. Ine ndinali pakhomo ndi beseni la madzi.

Wotsogolera anayamba. "M'dzina la Atate."

Manja onse anakwera. La Ababa linanyamuka pantchafu likunjenjemera, linadutsa chifuwa, linafika pachibwano, linaima. Ndiye Ababa anaweramitsa mutu, pang'onopang'ono, mpaka mphumi inakumana ndi zala. Wotsogolera anaona, ndipo anadikira.

"Ndi la Mwana." Dzanja linatsikira pachifuwa.

"Ndi la Mzimu." Linakokeka mpaka paphewa lamanzere.

Kunatsala phewa lamanja. Kuti dzanja lamanja likhudze phewa lake lomwe, chigongono chimayenera kupindika chonse, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katumba. Dzanja linabwerera pakati pa chifuwa n'kuyamba kutsetsereka. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. Palibe amene anati Amen. Amama anayamba kudzuka pamphasa, koma msana wawo sulola changu, ndipo panali anthu pakati.

Ababa anatembenuza maso, anandipeza pakhomo paja.

"Iwe," anatero. "Bwera. Gwira apa."

Anthu onse anandiyang'ana, ndipo mlangizi wotsala uja anali pomwepo. Ndinaika beseni pansi, ndinayenda, ndinagwada pambali pa mpando. Dzanja limodzi ndinaliika pansi pa chigongono chawo, lina pamwamba pa mkono, m'kati mwa jekete lalikululo. Sindinakankhe. Ndinangochirikiza, monga anandiphunzitsira Thandeka, kuti ntchito aigwire okha. Pansi pa zala zanga kanthu kakang'ono kanalimba, kananjenjemera, kanakoka. Zala zawo zinakwera mpaka zinakhudza phewa.

"Woyera," anatero wotsogolera.

"Amen," anayankha anthu onse.

Ababa anapumira m'mwamba. Sanandiuze kuti ndichoke. Anapendekera kwa ine, pakamwa pawo popotoka paja pakufuna kuseka, n'kunong'ona.

"Wakamva?"

"Ndakamva, Ababa."

"Kakadalimo."

Anakagwedezanso kamodzi, mofooka. Ulendo uno sindinakuwe, ndipo sindinathawe. Ndinagwirabe mpaka pemphero linatha.